Chitsulo Chomangirapo Mbuzi

Ine ndimasula zitsulo. Si ntchito ayi, ndili Fomu 3 ndipo amayi anandisankhira kale zodzakhala mphunzitsi, koma Loweruka kapena pa holide mukandifuna ingozungulirani kuseri kwa khitchini, phokoso likutsogolerani. Ndinayamba nditaona bambo wina pamsika akusandutsa sipulingi ya galimoto kukhala chikwanje. Ndinaima pomwepo ndi botolo la mafuta ophikira amene anandituma mpaka dzuwa kupendeka. Kunyumba anandikalipira, koma matenda anali atalowa kale.

Anthu amaganiza kuti chovuta n'kumenya chitsulo. Chovuta n'kuchipeza. Kuno kunsi kwa phiri la Michesi chitsulo sichipuma pantchito. Khasu likatha amati n'lokumbira chinangwa, likathanso amapatsa ana kuti azikumbira mbewa, ndipo likafika poti latheratu amabwera anyamata a sikelo aja ogula zitsulo zakutha n'kusesa mudzi wonse. Ine ndimatola zimene iwo agwetsa: masipoko, misomali yopindika, tcheni chodukaduka, loko wopanda kiyi. Hamala yanga ndinaipeza m'dzala ilibe mpini. Katupa kotha mano ndi sowo yodulira zitsulo ndinasinthanitsa ndi nkhunda zanga kwa mkulu wokonza njinga, amene mpaka lero akandiona amaseka.

Palinso vuto la mbiri yanga. Ndine ndinauza a Fomu 1 kuti lamulo la pasukulu pathu n'kupereka moni kwa mjigo usanatunge madzi, ndipo anapereka, ena mogwada. Sindipepesa, zinali zokoma. Koma chifukwa cha zoterezi ndikapempha khasu lakutha anthu amayamba aliyang'ana uku ndi uku, kufunafuna pamene ndabisa msampha.

Chimene ndinkasowa kwenikweni chinali posulira. Ndinkasulira pamwala umene ndinagubuduza kuchokera kumtsinje, ndipo mwala ukatentha n'kumenyedwa umalavula. Tsiku lina kachidutswa kanandicheka pamwamba pa diso, magazi chuchuchu mpaka m'kamwa.

"Ndamva zokwana," anatero amayi akundimanga kansalu. "Ukadzamenyanso pamwala umenewu, zinyalala zako zonsezi ndikaponya m'chimbudzi. Mphunzitsi wa diso limodzi ndani anamuonapo?"

"Alipo amayi, wa jogalafe."

"Ndiyese uone."

Amayi sanena kawiri. Ndiye panali ziwiri basi, kupeza chitsulo chachikulu chosulirapo kapena kusiya.

Chitsulocho ndinkachidziwa. Chinali kwa amalume, achimwene awo a amayi, amene anakwatira ku Nkhulambe kufupi ndi malire a Mozambiki. Inali shafiti ya chigayo chimene chinafa ine ndisanabadwe, yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, yotalika ngati mkono. Inkangogona pansi pa mtengo wa mango, ntchito yake kumangirapo mbuzi. Ndinawapempha pamaliro ena, ndipo sanavute n'komwe.

"Chichitsulo chimenecho? Udzatenge mphwanga, chimangondipunthwitsa. Mbuzi tidzaikhomera chikhomo."

Loweruka lake ndinabwereka njinga ya abambo n'kupalasa. Ndinapeza amalume atapita kukagulitsa nandolo. Pakhomo panali msuweni wanga yekha, mwana wawo wamkazi, wamsinkhu wanga, akusenda chinangwa. Amene amadziwa chisuweni akudziwa kale kuti panalibe mtendere. Msuweni umamutukwana, umamunamiza, umamulanda chimanga chootcha m'manja, ndipo palibe mlandu.

"Afika amuna anga otola zinyalala," anatero osadzuka n'komwe. "Mwandibweretsera chiyani, msomali?"

"Ndabwera kudzatenga chitsulo changa, mayi. Masula mbuzi yakoyo."

"Eni ake kulibe. Udikire. Komanso undiuze, chidzimbiri chonsechi n'chachiyani? Anzako akusaka atsikana, iwe ukusaka chigayo chakufa."

Ndikanangoyankha kuti ndikufuna kusulirapo. Mawu ochepa, oona. Koma anali akundiyang'ana ndi kamwa lopotoka lija, ndipo lilime langa likaona mpata silindifunsa. Nthawi imeneyo kunali mphekesera yoti nsimbi zakale za makala, zija zokhala ndi tambala pamwamba, zili ndi mekyule wofiira m'kati, ndipo kuli azungu amene akuzisaka. Palibe anamuonapo mekyuleyo, koma aliyense anali ndi mlamu wake amene anamva kwa munthu amene analemera naye.

Ndinayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. "Usauze munthu. Zigayo za Apwitikizi ankathira mekyule m'shafiti. Ukafuna kudziwa, ika foni pamwamba pake uone zimene ichite."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupitiriza kusenda chinangwa. Amalume anachedwa, mitambo inayamba kuda kuphiri, ine ndinabwerera chimanjamanja ndikuseka ndekha panjinga.

Loweruka linalo nditafika, mbuzi inali pachikhomo chatsopano. Pansi pa mango panangotsala kadzenje kooneka mmene chitsulo chinkagonera. Amalume anatuluka atavala jekete la kutchalitchi, tsiku la Loweruka.

"Lowa mphwanga. Tseka chitseko."

Chitsulo changa chinali pamphasa kuchipinda, atachifunditsa chitenje chatsopano cha akazi awo. Anachipukuta ndi mafuta. Ine chibadwire sanandiyalirepo mphasa yatsopano pakhomo limenelo.

"Ndiye iwe," anatero amalume, "umafuna undinyamulire chuma pakhomo ndi njinga yobwereka?"

"Chuma chanji amalume?"

Anatulutsa foni. Foni ya amalume imakhala pamsomali wa pawindo, chifukwa ndi pokhapo pamene imagwira netiweki ya kuno. Ukaichotsa pamenepo n'kutsika nayo kumunsi kwa bwalo, imasochera n'kugwira ya ku Mozambiki. Mwana aliyense wa m'mudzimo amadziwa zimenezi. Koma msuweni wanga anaitenga pamsomali, anawaitana bambo ake, anakaiika pachitsulo pansi pa mango paja, kumunsi kwa bwalo komweko, ndipo posakhalitsa inalira. Uthenga wa Chipwitikizi, wowalandira ku dziko la eni.

"Taona wekha," anatero amalume akundionetsa. "Chitsulo chikulankhula chinenero cha kwawo. Makolo athu anachokera komweko, ukuganiza kuti anabwera chimanjamanja?"

"Amalume, chigayo chija mwini wake anachigula ku Limbe. Munandiuza nokha."

"Ku Limbe chinafikako bwanji?"

Kumbuyo kwawo, pakhomo la chipinda, msuweni wanga anali ataluma nsonga ya chitenje kuti asaphulike. Apo m'pamene ndinazindikira. Sanakhulupirire ngakhale pang'ono. Anangotola bodza langa, kulipukuta, n'kukalipereka kumene likandipweteke.

Ndinanena zoona. Ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa sizichitika kawirikawiri. Ndinati amalume, ndinanama, chinali chisuweni chabe, mulibe kanthu m'menemo koma chitsulo chokhachokha. Ndinalumbira. Ndinawakumbutsa za mjigo wa kusukulu kuti aone mtundu wa munthu amene ndili.

Anagwedeza mutu mondimvera chisoni. "Ukananena kuti muli mekyule, ndikanakayika, poti ndiwe wabodza. Koma ukukana chonchi, thukuta kamukamu? Muli kanthu."

Ndinatuluka n'kukamupeza msuweni kuseri akutsuka mbale.

"Mfiti iwe. Kawauze."

"Ndikawauze chiyani amuna anga? Ine ndine mkazi womvera. Mwamuna akanena, ndimakhulupirira."

"Ndidzakusulira mpeni."

"Pamwala?"

Zimene zinatsatira zimanditopetsa ngakhale kuzilemba. Mbiri inawoloka mitsinje n'kufika kwathu ine ndisanafike. Agogo ena amene anandilonjeza makasu awo akutha anawalowetsa pansi pa bedi. Mkulu wokonza njinga anayamba kuika foni yake pa chilichonse chadzimbiri asanataye. Anyamata a sikelo atabwera anthu anawathamangitsa, ati akuba chuma cha makolo, ndipo anyamatawo atafufuza amene anayambitsa anandilozera chala pamsika. Ine amene ndinkatola misomali mwaulere ndinayamba kuuzidwa kuti ndibwere ndi mzungu wanga tikambirane. Kuseri kwa khitchini kunali zii. Amayi ankadutsa pamulu wa zitsulo zanga akuimba nyimbo ya kwaya, ndipo tsiku lina ndinawaona akuuyeza ndi maso ngati ungakwane m'dengu limodzi.

Ndinapempha abambo kuti akalankhule ndi alamu awo. Anati iwo ndi mkamwini, za kuchimuna kwa akazi awo salowerera, komanso njinga yawo ndaimaliza mabuleki.

Amalume anadikira azungu. Azungu sanabwere. Anatuma uthenga kwa munthu wina wa ku Mulanje amene amati amadziwa njira zake, munthuyo anadya nkhuku, ananunkhiza chitsulo, anati abweranso ndi makina, ndipo sanaonekenso. Chimanga chitayamba kufuna kupalira, akazi a amalume anatopa. Anati chitenje chawo achifuna, ndipo ngati muli chuma m'chitsulomo chituluke, ngati mulibe chituluke chitsulocho.

Ndiye amalume anatulukira kwathu m'mawa wina, jekete lomwe lija.

"Mphwanga, ndamva uli ndi sowo."

Sowo yanga! Ya nkhunda zanga! Ndinati ndilibe. Amayi anati ili pa denga la khitchini, ndipo anakaitenga okha.

Ndinawatsatira amalume kwawo, poti sowo yanga sindikanaisiya ipite yokha. Anachitulutsa chitsulo pabwalo, anaika beseni pansi kuti mekyule asatayike, anaitana anzawo awiri a kumpingo amene anawalonjeza gawo. Anthu anadzaza mpaka pamsewu. Wina anabwera ndi mpando wake. Amalume anayamba ndi pemphero, theka m'Chichewa, pofika pa za chumazo n'kulowa m'Chilomwe, kaya kuti ena asamve.

Munadulapo shafiti ya chigayo ndi sowo yamanja? Tsiku loyamba anangoikanda. Ankakankha ngati akucheka mlombwa, mwamphamvu ndi mothamanga, ndipo mpeni wa sowo unathyoka dzuwa lisanafike pamutu. Ndinawauza kuti azicheka pang'onopang'ono n'kumadonthezera mafuta. Anati ndikufuna kuwachedwetsa kuti mzungu wanga afike. Anakagula mipeni ina, inathyokanso. Pamapeto pake anandipatsa ine sowoyo, poti ndine ndinkadziwa kuigwira, ndipo ndinathera masiku a holide yanga ndikudula chitsulo changa chomwe, kusaka chinthu chimene ndinachipeka ndekha, uku msuweni akundibweretsera madzi mogwada anthu akuona.

"Imwani bambo, mwatopa. Mukalemera musadzandisiye."

Chitaduka, chidutswa chachifupi chinagwera m'beseni n'kuliboola. Anthu anaunjikana. M'kati munali chitsulo, choyera, chonyezimira, chokongola kuposa chilichonse chimene ndinachionapo, koma chitsulo basi. Wa mpando uja ananyamula mpando wake.

Amalume anatola chidutswa chachifupicho, anachiyang'ana kudzuwa, anachigwedeza pafupi ndi khutu.

"Wathawira kumbali yaitaliyi," anatero. "Phokoso la sowo lamuopsa."

Sindinatsutse. Ndinali nditaphunzira kuti kwa amalume ukakana ndiye kuti wavomera. Ndinangoti, "N'zoona amalume. Kachidutswa aka n'kopanda ntchito, ndikakutayireni kutali kasamakukumbutseni."

Anandiyang'ana mokayika. Anayang'ananso akazi awo, amene anali atanyamula beseni lobooka lija. Kenako anati nditenge, koma pa pangano limodzi: chilichonse chofiira chikadzatulukamo n'chawo.

Chidutswacho n'chachifupi kuposa mmene ndinkafunira, ndipo chinadulidwa mopendama moti ndinatha katupa kanga pochisalaza. Ndinachiimika m'chitsa cha mtengo. Koma ukamenyapo hamala imadumpha yokha, ndipo chimalira mpaka kutsidya kwa mtsinje. Amayi anabwera, anachizungulira, anachigogoda ndi chala, anati ichi sichilavula, n'kubwerera kukhitchini. Mbali yaitali ija ikadali kuchipinda kwa amalume. Makasu a agogo aja akadali pansi pa bedi.

Ndipo amalume sanaiwale pangano. Akabwera kudzaona amayi amazungulira kuseri, amatulutsa kabotolo kopanda kanthu m'thumba la jekete n'kukhala pambali pa ng'anjo yanga, maso pachitsulo. Poyamba zinkandinyansa. Koma moto wanga ndimaukoleza ndi gudumu la njinga limene limazunguza kachipupizira, ndipo munthu mmodzi sangapukuse gudumu uku akumenya chitsulo. Ndiye tsiku lina ndinawayandikira n'kutsitsa mawu.

"Amalume, musauze munthu. Akuti mekyule amatuluka pakatentha kwambiri."

Anavula jekete, anakwinya malaya, anagwira gudumu.

"Chonchi, mphwanga?"

"Limbikirani pang'ono. Ndikuona ngati pakufiira."