Diresi Linakana M'mapewa

Mlamu wanga Judith ndi munthu wosafuna kugonja, ngakhale kwa nsalu. Amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Oshawa, kuno kumaiko a azungu, ndipo Loweruka mukapita kwawo mumamupeza pa makina osokera, akupinda masiketi a amayi a kutchalitchi. Mwana ali naye mmodzi, Olivia, wa ku yunivesite, amene amapalasa bwato pa mipikisano ya atsikana.

Zopalasazi Judith sankazimvetsa. Ankakonda kunena kuti, "Tinakwerera ndege kuti mwana adzakhale msodzi?" Kusukuluko amawayeza ndi makina kuti aone mafuta ndi minofu m'thupi, ndipo tsiku lina Olivia anabwera akusekerera kuti minofu yachuluka. Mayi ake anangoti, "Bola uli moyo."

Ndiye kunabwera ukwati wa Elizabeth, msuweni wa Olivia, ku Markham, Oliviayo ali mmodzi wa operekeza mkwatibwi. Ife zovala za ukwati sitisoketsa kuno ayi. Timatumiza miyezo kwa telala ku Lilongwe, madiresi n'kubwera m'sutikesi ya aliyense wochokera kumudzi. Miyezo ya Olivia inapita nthawi ya chisanu, ndipo pamene diresi limafika, mwana anali atapalasa miyezi yonse yotentha. Zipi inakwera mpaka pakati pa msana n'kukana. M'mapewa ndiye musanene.

"Amayi, ndichepetsa kudya mpaka ukwati udutse," anatero Olivia m'Chichewa chake chotsimphina.

Vuto linali loti mpikisano waukulu unali sabata yotsatira ukwatiwo, ndipo wofooka amamutsitsa m'bwato n'kuikamo wina. Mpando wake wa m'bwatomo mtsikanayu anauvutikira chaka chonse.

Judith anavomera zochepetsa kudyazo ine ndili pomwepo, ndipo kunena zoona zinandinyansa. Pa chakudya chamadzulo Olivia anadya timasamba tokha, maso ali pa nkhuku yathu ngati mwana wamasiye. Judith anatafuna, kutafuna, chakudya osatsika. Kenako anakankha mpando n'kukatenga sizasi.

"Bweretsa diresilo."

"Amayi, Elizabeth akufuna tonse tifanane."

"Elizabeth ndilankhula naye ndine. Iwe tenga ntchafu iyo udye."

Anadula manja onse awiri a diresilo n'kuwasokera m'mbali kuti likule. Tsiku la ukwati Olivia anavina pamzere wa operekeza mikono ili pamtunda, ndipo ine mtima unangoti myaa. Mayi wina wachikulire amene tinakhala naye tebulo limodzi anaweramira kwa Judith.

"Koma mwana wanuyu mapewa ngati mwamuna. Adzapezeka womukwatira?"

Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiwayankhe zowayenera, koma Judith anandiponda phazi pansi pa tebulo. Sanatembenuke n'komwe, maso anali pa mwana wake.

"Mapewa amenewo ndawaphikira ndine, mayi. Sabata yamawa mubwere kunyanja mudzaone ntchito yake."