Tsiku Limene Agogo Anauza Mtambo Kuti Uchoke

Fungo la tsamba louma likamapsa pang'onopang'ono popanda lawi limandibwezera kuseri kwa nyumba yathu kwa Nsamala, kumene agogo anga aamuna, Che Amidu, ankawerama m'mawa uliwonse pambali pa chipaipi choyera cha miyendo itatu, kofia ili kumutu, pensulo ili kukhutu, nkhuku zikupalasa pansi pa nkhokwe, mayi anga akusesa pabwalo uku akuwaponyera mawu. Dzina lenileni la chipaipicho ndi telesikopu, koma pamudzi panalibe amene ankavutitsa nalo lilime. Agogo anagwirapo ntchito yosesa ndi kutsuka mabotolo m'chipinda cha sayansi pasukulu ina ya sekondale ku Machinga. Mphunzitsi wina, pobwerera kwawo, anawasiyira chipaipicho ataona kuti mdala wa tsache ankafunsa mafunso ambiri kuposa ana asukulu.

Tsamba lija linali phunziro loyamba kwa mwana aliyense woyandikira pamenepo. Ankalozetsa chipaipi kudzuwa n'kuika tsamba la mango kumapeto kwake, pomwe munthu amaikapo diso. Posakhalitsa pakati pa tsambapo pankada, utsi n'kuyamba kufuka.

"Waona, Mariamu? Diso lako n'lofewa kuposa tsambali. Ukadzasuzumira muno masana, udzayenda ndi ndodo."

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinabwerera cham'mbuyo mpaka kukagwera m'dengu la chinangwa.

Iwo sankasuzumira. Ankagwira katoni yoyera chapatali pang'ono, dzuwa n'kutera pakatonipo, lozungulira ngati mbale, lili ndi timawanga takuda tonga ndowe za ntchentche. Timawangato ankatijambula m'kope tsiku ndi tsiku, n'kumandionetsa mmene tinkasunthira kuchoka mbali ina kupita ina. "Dzuwa lomweli lili ndi zipsera," ankatero, "ndiye iwe ukulirira kachilonda ka pabondo?" Mayi ankangopukusa mutu. "Bambo, anzanu ali kumunda, inu mukuwerenga ziphuphu za dzuwa." Kumunda ankapita ndithu, koma akamaliza kujambula.

Anthu sankadana nacho chipaipicho. Kumapeto kwa Ramadani, dzuwa likangolowa, ankadzaza pabwalo pathu kudikira kuti Che Amidu awauze ngati mwezi waoneka, ndipo ukaoneka ankawagwira chanza ngati aubweretsa ndi iwo.

Koma agogo sanali a pamudzipo. Kwawo kunali ku Chikweo, kwathu anangodzakwatira. Agogo aakazi atamwalira, mwambo unkati mkamwini abwerere kwawo. Mayi anakana kwamtuwagalu, ndipo Che Jafali, mchimwene wawo wa malemuwo yemwenso anali mwinimbumba wathu, anavomera monyinyirika. Ku Chikweo kunalibenso wowadziwa. Abale awo onse anali atatha, munda wawo unali ndi eni ena. Zimenezi ine sindinkazidziwa. Ndinkangoti agogo ndi athu ngati mtengo wa bwemba wa pakhomo.

Chaka chimenecho mvula inayamba bwino, kenako mu Januwale inadula. Chimanga chinali chitafika m'chiuno, masamba ake anayamba kupotana. Chopweteka n'chakuti mitambo inalipo. M'mawa uliwonse inkabwera kuchokera kumapiri a ku Machinga, yakuda bii, yolemera, mphepo n'kuzizira, amayi n'kuthamangira kukaanula ufa. Pofika masana inkangobalalika osagwetsa ndi dontho lomwe. Kumzikiti anapempha, kutchalitchi anapemphera, kumwamba kunali gwa.

Masiku omwewo padzuwa panatuluka banga lalikulu limene agogo anali asanaonepo. Anasangalala ngati mwana. Ankafuna kulitsatira mpaka likafike kumphepete, koma mitambo inkawatchingira. Ankakhala pampando katoni ili m'manja, khosi lili m'mwamba, kudikira kampata. Akatopa ankakupiza dzanja monga amachitira munthu poingitsa nkhuku pamphasa ya ufa.

"Tachokani inu! Pang'ono pokha, ndione kaye."

Nthawi zina mtambo unkasunthadi, chifukwa mitambo imasuntha. Ine ndinkaomba m'manja.

Pakamwa panga panalibe chitseko. Tsiku lina kumjigo, ana anzanga akudzitama, uyu kuti bambo ake ali ku Joni, uyu kuti kwawo kuli wailesi ya mabatire asanu ndi limodzi, inenso ndinafuna changa.

"Agogo anga akauza mitambo kuti ichoke, imachoka."

Amene ankapopa madzi nthawi imeneyo anali Abiti Kassimu, mayi wamasiye wa ana anayi, amene munda wawo unachita malire ndi wathu. Mjigo unasiya kulira. Anatembenuka pang'onopang'ono, thukuta likutsika m'khosi.

"Wati chiyani, mwanawe?"

Ndinabwereza, mokweza, ndi kukupiza dzanja komwe. Ndinaonjezeranso kuti chipaipi chimatulutsa utsi. Amayi onse anayang'anana. Ndinasenza ndowa yanga ndikuyenda monyada, poganiza kuti ndawagometsa.

Patapita masiku awiri, cha m'ma naini m'mawa, tinamva phokoso likuchokera kumsewu. Sindinaonepo anthu ambiri chotero pakhomo pathu, ngakhale pamaliro a agogo aakazi. Anali anthu omwe aja a mwezi wa Ramadani, koma nkhope zawo sindinazizindikire. Anyamata ena anali ndi zibonga, wina anali ndi kachigubu ka petulo m'manja. Mayi anandikokera kumbuyo kwawo. Kutsogolo kunali Che Jafali.

"Alamu," anatero osapereka ndi moni womwe, "anthu akuti mwamanga mvula."

Agogo anaseka. Anasekadi, kuganiza kuti ndi nthabwala. Palibe anawathandiza kuseka.

"Ine? Ndi chingwe chanji, alamu? Chimanga changa sichikupsa ngati chanu?"

"Mumaloza kumwamba ndi chimfuti chanucho!" anakuwa Abiti Kassimu. Maso awo anali ofiira. "Mitambo ikabwera mumaithamangitsa. Ana anga adya chiyani, Che Amidu? Adya utsi wanuwo?"

"Iyayi, mayi, iyayi. Ichi n'choonera basi. Bwerani, ndikuonetseni. Aliyense aone ndi maso ake."

Agogo ankakhulupirira kuti munthu akaona chinthu, amachimvetsa. Anawatsogolera kuseri, nalozetsa chipaipi, nagwira katoni. Pakatoni panalibe kanthu, chifukwa kumwamba kunali kutatseka. Anthu anayamba kung'ung'udza. Agogo anakweza maso, ndipo mwa chizolowezi chabe, osaganiza n'komwe, anakweza dzanja.

"Dikirani pang'ono, mtambowu uchoke kaye."

Ndinamva mayi akuti, "Mayo, bambo!" chapansipansi.

Ndipo mtambo unachoka. Unang'ambika pakati, kuwala kunagwa pabwalo ponse, ndipo pakatoni ya m'manja mwa agogo panatera dzuwa lathunthu, loyera mbee, banga lija lili pambali. Mayi wina anakuwa n'kugwetsa mwana wa m'manja pamchenga. Ena anathawira kunkhokwe. Mnyamata wa kachigubu anangoti kukamwa yasa.

"Waligwira! Dzuwa waligwira pakatoni!"

"Mwamva nokha! Wauza, wachoka!"

Mwala woyamba unagunda denga la khitchini. Wachiwiri unadutsa pafupi ndi khutu la agogo n'kugwetsa pensulo. Ine mkodzo unatsika wokha, ndipo sindinachite nawo manyazi chifukwa panalibe wondiona. Che Jafali anaima pakati n'kutambasula manja. Lero ndimadziwa kuti anapulumutsa moyo wa agogo, koma tsiku limenelo ndinadana nawo.

"Pasapezeke woponyanso! Uyu ndi mkamwini wanga, ndiyankhula naye ndine." Anatembenukira kwa agogo, mawu atatsika. "Alamu, sindingawagwire anthuwa mpaka madzulo. Chinthuchi chichoke lero, apo ayi muchoke ndinu, mubwerere ku Chikweo. Sankhani."

Agogo anayang'ana mayi. Anayang'ana ine. Anayang'ana kumanda kumene kunagona akazi awo, kuseri kwa mitengo ya masuku. Kenako anaika katoni pansi bwinobwino, anapita pamtondo n'kutenga musi.

Munthu ameneyu sankalola ngakhale mayi kukhudza galasi la chipaipicho. Ankalipukuta ndi kansalu kakekake kamene ankakasunga m'chitini. Nthawi ya mvula chipaipi chinkagona pabedi, iwo n'kugona cham'mphepete. Ndinawaona akukweza musi ndi manja awiri. Kumenya koyamba galasi linangolira. Kachiwiri linaphulika, tizidutswa n'kumwazika mpaka kumapazi a Abiti Kassimu. Anapitiriza kumenya mpaka paipi inapindika, miyendo itatu ija inathyoka, kofia inagwa, mpaka Che Jafali anawagwira mkono n'kunena kuti, "Basi, alamu, chakwana."

Anthu anabalalika mwakachetechete, ena akuyang'ana pansi. Agogo anatola tizidutswa tonse ndi manja kuti ana tisabayidwe. Madzulo sanadye. "Zitha," anauza mayi. "Papite sabata imodzi, masabata awiri, aone kuti mvula sikubwerabe. Adzadziwa okha kuti analakwa."

Mawa lake masana, mvula inagwa.

Inagwa yamphamvu, ya mabingu, yosefukira m'mizere. Mudzi wonse unatuluka panja. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu, ana ankagubuduka m'matope, ndipo ndinamva mawu a Abiti Kassimu akuthokoza Mulungu kumunda kwawo. Inenso ndinathamangira panja, koma nditacheuka ndinaona agogo ataima pakhonde, manja ali lende, akuyang'ana madzi akutsika padenga ngati akuona maliro. Chimanga chawo chomwe chinali kupulumuka nthawi imeneyo. Ndinabwerera n'kuima pambali pawo.

"Ikanangodikira sabata imodzi," anatero. Sankauza ine.

Anakhala pamudzipo zaka zinayi mpaka kumwalira kwawo. Palibe anawathamangitsa. Anthu ankawapatsa moni waulemu kwambiri, ulemu wa munthu amene ukumuopa, ndipo amayi ankakoka ana awo akakumana nawo panjira. Mvula ikachedwa, maso onse ankaloza pakhomo pathu, ndipo agogo ankakhala m'nyumba mpaka igwe. Sanandifunsepo kuti nkhani ija inafika bwanji kumjigo. Ine sindinawauze. Ndinkati ndiwauza mawa, mpaka tsiku limene anawanyamula.

Chaka chatha ndinachoka ku Liwonde, kumene ndimasoka zovala, kupita kumudzi ku sadaka ya malemu Che Jafali. Tikutsuka mbale, mtsikana wina wokwatiwa kumene pamudzipo, amene sankandidziwa, anayamba kufotokozera anzake za mdala wina wa ku Chikweo amene anamanga mvula ndi paipi, ndipo atangoiphwanya, mvula inagwa mawa lake lomwe. Ankafotokoza mokoma, ngati analipo. Ndinaika mbale pansi.

"Anali agogo anga," ndinatero. "Sanamange kanthu. Ankangoona dzuwa. Amene anayambitsa bodzalo ndi ine, ndili mwana, pamjigo uwo."

Aka kanali koyamba kuzinena ndi pakamwa panga, patapita zaka zonsezi. Mtsikanayo anandiyang'anitsitsa. Kenako anasendeza mwana wake kumbuyo, natsitsa mawu.

"Ndiye mankhwalawo anakusiyirani inuyo, amayi?"