A Dikirani Ndione

Dzina lawo lenileni lili pa kabaji ka pachifuwa, koma zilembo zake zinafufutika kalekale. Odwala tonse timangoti a Dikirani Ndione, chifukwa ndi mawu amene amanena asanalembe mankhwala alionse. Chipinda chawo chili kumapeto kwa khonde la chipatala, kumene amaonera anthu a matenda a maganizo Lachiwiri ndi Lachisanu. Patebulo pawo pali buku lalikulu lomata ndi pulasitala, ndi pensulo yomangirira chingwe kuti isayende ndi anthu. Akuti akhala m'chipinda chomwecho zaka makumi awiri. Anzawo amene anayamba nawo limodzi ali m'maofesi a makatani, iwo akadali kutsegula buku.

Pabenchi sawakonda, chifukwa mzere wawo suyenda. Munthu akalowa, otsalafe timavula nsapato n'kutambasula miyendo. M'chipinda china choyandikana nacho muli dokotala wachinyamata amene timati a Liwiro. Ameneyo ukangoti "mutu wangawu," iye walemba kale.

Ine ndinafika kumeneko mwana wanga wachiwiri ali ndi miyezi iwiri. Sindinkadya, ndinkangolira, ndipo mwana akalira ndinkamuyang'ana ngati wa eni ake. Anandiperekeza ndi apongozi anga aakazi, ndipo mzere anasankha ndi iwo.

"Tilowe kwa a Liwiro," anatero. "Wabukuyo sukulu sanamalize. Unamuonapo telala akusoka uku akuwerenga?"

A Liwiro anandipatsa mankhwala a mitundu itatu, oyera, achikasu ndi tina ting'onoting'ono. Apongozi anakondwa kuti awa ndiye mankhwala, odzaza dzanja. Kulira ndinasiyadi, pakuti munthu wogona salira. Tsiku lina masana ndinadzidzimuka n'kupeza mwana ali kumsana kwa aneba. Anali atalira mpaka mawu kusasa, ine ndili pambali pake osamva. Apongozi anauza bambo a ana kuti mwezi ukatha ndisanasinthe, mwanayo amutenga, azikamwa mkaka wa m'chitini kwawo. Sindinawatsutse. Akanakhala mwana wa mnzanga, nanenso ndikananena zomwezo.

Lachisanu lotsatira a Liwiro anali kumsonkhano, ndiye tinagwera kwa a Dikirani. Anayala mapilisi anga patebulo n'kundifunsa mafunso ambirimbiri ngati mayeso. Kenako anati, "Mukuyamwitsa?"

Palibe amene anali atandifunsapo zimenezo. Ndinavomera.

"Dikirani ndione."

Apongozi anandigunda ndi chigongono. Adokotala anatsegula buku, kuyendetsa chala mpaka pansi, n'kuyang'ananso pafoni kuti aone ngati bukulo silinakalambe.

"Adokotala," anatero apongozi, "zaka zonsezi simunalowezebe?"

"Ndinaloweza, amayi, ndiye vuto lake. Zina zimene ndinaloweza kale anazisintha ataona mmene zinayendera kwa anthu ambiri. Akamasintha, mutu wangawu sauuza."

Ananena kuti mitundu iwiri tiichepetse pang'onopang'ono, osasiya tsiku limodzi ayi, utsale umodzi woyenera mayi woyamwitsa. Koma umenewo sugwira mawa. Mwina masabata anayi, mwina asanu ndi limodzi.

"Mwezi ukhala utatha," ndinatero, n'kufotokoza za mwana. Ndinkafuna anene kuti musadandaule, muchira msanga. A Liwiro akananena.

"Ndikatchula tsiku, ndakunamizani," anayankha. Anang'amba pepala m'kope, kulemba mizere ndi pensulo ija, n'kulipereka kwa apongozi. "Inu maso muli nawo akuthwa, ndaona. Tsiku lililonse muzichonga apa: ngati wadya, ngati wasamba, ngati wadzuka yekha mwana akalira. Osamukomera mtima."

"Kumukomera mtima ine?" anatero apongozi. "Muona."

Kuti achonge bwino, anayenera kukhala kwathu. Anabwera ndi chikwama chawo n'kukhomera pepalalo kuseri kwa chitseko. Cholinga chawo sanabise: amafuna umboni woti dokotala wa buku ndi kampilisi kake kamodzi n'zopanda pake. Ndikasiya chakudya m'mbale, mtanda. Ndikasamba osapesa tsitsi, mtanda. Sabata yoyamba pepala linali ngati manda. Yachiwiri chimodzimodzi, kupatula poti mwana akalira ndinkadzuka. Apongozi ankachonga pamenepo akung'ung'udza. Sabata yachinayi, ndikuchapa matewera, ndinawamva akuuza aneba kuti, "Akuimba nyimbo uyu. Koma pa pepala palibe mzere wa nyimbo."

Mwezi utatha tinabwerera, pepala lili m'manja mwawo. Pabenchi anauza aliyense kuti dokotala wa m'katimu sadziwa kanthu, amangokopera m'buku, ndipo wodwalayu akumuchiritsa ndi iwo. Komabe pamzere wa a Liwiro, umene unali waufupi, sanayang'aneko n'komwe.

Titalowa, ndinafulumira kunena kuti, "Adokotala, ndachira!"

"Dikirani ndione," anatero, n'kutenga pepala lija. Anawerenga mitanda umodziumodzi. "Simunachire. Mwayamba. Mankhwala musasiye, pakadali miyezi." Kenako anafunsa apongozi, "Nanga mwanayu apita nanu liti?"

Apongozi anayang'ana pepala lawo lomwe, lolembedwa ndi dzanja lawo, nthawi yaitali ndithu.

"Ndimutengere chiyani, mayi ake akudzuka? Ndipatseni pepala lina. Ndipo muonjezere mzere wa tsitsi, sakupesabe bwino ameneyu."

A Dikirani anatsegula buku n'kunena kuti za tsitsi mulibemo. Koma mzerewo analemba.