Loko wa pa Geti la Abambo

Ndinaganiza zochoka ku Zomba chaka chimene amayi anamwalira. Ndinali namwino, koma malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Nditawauza abambo kuti mapepala a ku Canada atuluka, anangofunsa ngati kumeneko anthu amayenda pansi. Ndinaseka. Abambo anagwira ntchito ya umesenjala m'maofesi a boma mpaka kupuma, ndipo kwa iwo mzinda wabwino ndi umene munthu angaudutse ndi mapazi. Ndinawasiya m'manja mwa mng'ono wanga Esinati, ali ndi mphamvu zawo, nsapato akupukuta okha.

Ku Canada mapepala anga a unamwino sanandithandize msanga. Chipinda ndinachipeza ku Oshawa, kumene lendi ndi yotsikirapo, ntchito n'kuipeza kumpoto kwa Toronto, kunyumba yosamalirako okalamba. Sitima, basi, kenako kusambitsa, kudyetsa ndi kulemba. Lamlungu lina linkatha osalankhula ndi munthu, mpaka ndinkadzilankhulira ndekha Chichewa potsuka mbale kuti ndimve ngati mawu akadalipo.

Mwa amene ndinkawasamalira munali bambo Yun, mkulu wochokera ku Korea, amene anali ndi matenda oiwalaiwala. M'mawa uliwonse ankavala jekete n'kumayenda m'khonde pang'onopang'ono, kugwira chitseko ichi, kugwira icho, kubwerera, kuyambanso. Pa fomu yathu panali kabokosi ka zimenezi, ndipo ine tsiku ndi tsiku ndinkachonga pa mawu amodzi a Chingelezi: wandering. Zochongazo zitachuluka, akuluakulu anagamula kuti bambo Yun asamutsidwire kuchigawo chokiya, kumene chitseko chimatseguka ndi manambala.

Akazi awo anabwera ndi kalata ya chigamulocho m'manja, mawu aja a wandering ali momwemo. Chingelezi chawo chinali chochepa, choncho anali atafufuza mawuwo m'dikishonale ya pafoni, imene inawapatsa matanthauzo angapo m'Chikoreya. Anandifotokozera limodzilimodzi, modukizadukiza, chala chili pagalasi. Kuyenda popanda kumene ukupita. Kupatuka panjira n'kusochera. Maganizo kuthawa wina akulankhula. Mtsinje kukhotakhota. Atamaliza anandifunsa kuti mwa onsewa, la amuna awo ndi liti.

Ndinaloza loyamba. Anapukusa mutu. Anati amuna awo anali ndi golosale zaka zambirimbiri, ndipo akatsegula m'mawa ankayamba n'kuyesa zitseko za mafiriji. "Akupita kukatsegula shopu," anatero mayiwo. "Inu ndi amene simukudziwa kumene akupita." Ndinawayankha ndi ulemu wa kuntchito uja, kuti zonsezi n'zowateteza. Mumtima ndinati mayiwa akungokana kuvomereza matenda. Ndinali nditaphunzira kutchula zinthu ndi mayina ake, ndipo ndinkadziona wodziwa.

Chaka chomwecho Esinati ananditumizira mawu pafoni. "Achemwali, abambo ayamba kumangoyenda. Amavala malaya akhaki aja, n'kutenga chikwama chawo chakale, ulendo wa m'tauni." Ankafotokoza akuseka. Anati mayi wogulitsa nthochi pamlatho amawakhazika pansi kuti apume. Telala wa pakhonde amawapatsa envulopu yopanda kanthu kuti akapereke kwa wometa, wometa n'kuwapatsa ina yopita kwa Esinati, motero njira yawo inkathera kunyumba. Akatopa, akabaza ankawabweretsa.

Ine sindinaseke. Ndinaimba nthawi yomweyo ndili pasiteshoni. "Esinati, imeneyo ndi wandering, kuno timalokera. Akagundidwa ndi galimoto udzayankha ndiwe?" Iye anayesa kunena kuti akabwerako amadya bwino n'kugona bwino, koma ndinamudula pakamwa. Ndinatumiza ndalama za mpanda wanjerwa ndi geti lachitsulo, ndipo ndinati ndikufuna kuona chithunzi cha loko. Wotumiza ndalama satsutsidwa. Chithunzi chinabwera.

Ndinene zoona. Galimoto ndinkaiopadi, koma chimene chinkandidya kwambiri chinali china. Ku Brampton, kumene Amalawi tinkakumana tikatuluka m'tchalitchi, nkhani za kumudzi zimafika msanga kuposa ndege. Sindinkafuna kuti wina adzandikokere pambali n'kunena kuti bambo a namwino akuyendayenda m'tauni ngati amisala. Safunsa anadya phula, ndipo ine sindinafunse ngakhale kamodzi kuti abambo amapita kuti.

Choipitsitsa n'chakuti mapeto ake ndinawaona ndi maso anga. Kuchigawo chokiya kuja bambo Yun anaima pachitseko milungu ingapo, jekete lili m'thupi. Kenako anakhala pampando. Pofika nyengo ya chisanu tinkawakankha pa njinga ya olumala, ndipo kabokosi kaja sindinkachonganso. Akazi awo akandipeza m'khonde ankandiweramira mutu pang'ono n'kudutsa. Ndinaona zonsezi, koma ku Zomba sindinaimbe kuti achotse loko.

Ndinabwerera kwathu loko atakhala pageti zaka ziwiri. Esinati anamasula kiyi pa mfundo ya chitenje kuti anditsegulire. Abambo anali pakhonde, miyendo itatupa, nsapato zili pambali zowala ngati kale. M'mbali mwa mpanda, m'kati, munali kanjira kozungulira nyumba yonse, kopondedwa mpaka kulowa pansi, koma udzu unali utayamba kumeramo. Ndinagwada kuwapatsa moni. Anandiyang'ana mwaulemu n'kufunsa, "Muli ndi makalata, mayi?"

M'mawa mwake ndinapita m'tauni, ndipo telala uja anandizindikira. Anaimitsa makina, n'kuvula chipewa. "Pepani ndithu, mwanawe. Madala aja anatisiya liti? Ife za maliro sitinamve." Ndinamuuza kuti abambo ali moyo. Kenako anakoka dirowa, ndipo m'menemo munali mtolo wa maenvulopu akale atamangidwa ndi kansalu. Anati ankawasungabe, mwina tsiku lina adzadutsa. Manyazi amene ndinamva pakhonde limenelo sindinawamvepo kwina kulikonse. Anthu amene sanalowepo m'kalasi ya unamwino anali atapeza njira yosamalira abambo anga, tauni yonse ikupatsirana nkhalamba imodzi dzanja ndi dzanja, ndipo ine ndinaithetsa ndi foni imodzi ndili pasiteshoni ku Oshawa.

Ndinamufunsa Esinati chifukwa chake sanandikanire. Sanakweze mawu. "Munati ndinu namwino, achemwali."

Tsiku lomwelo ndinachotsa loko n'kutsegula geti mbali zonse ziwiri. Nsapato zinakana kulowa, ndiye tinawaveka mapatapata. Ndinawapatsa envulopu imodzi ya kwa telala, ndikunena kuti ikufunika kwa wometa. Anailandira ndi manja awiri. Tinawadzutsa, ine uku Esinati uko, ndipo anaponya mapazi anayi kapena asanu, maso ali kumsewu. Kenako mawondo anagwedera, tinawabwezera pampando.

Atapuma anandibwezera envulopu ija. "Mupatseni wina, mayi," anatero. "Ine anandichotsa ntchito."

Esinati anayang'ana kumbali. Ine loko anali akadali m'thumba la siketi, akundilemera pantchafu, ndipo ndinalephera kuwauza kuti bwana amene anawachotsayo ndi ine.