Pepala la a Joice Linapita Kumaliro

Ku Thuchila kuli mayi amene akakalipa, agalu a ku Chitakale amakabisala m'makhola a nkhuku. Dzina lawo ndi a Joice. Koma musawaweruze msanga. Anathyola tiyi pamvula kuyambira ali namwali mpaka imvi mbuu, akugona m'nyumba ya kampani imene pansi pake pankatuluka thukuta ngati munthu wa malungo. Mphasa zinkawola, nsapato zinkamera ndevu, achule ankachitiramo misonkhano ya mpingo. Chomwe anatulukamo nacho ndi chifuwa cholira ngati minibasi yakale pachitunda.

Atapuma ntchito, anauzidwa kuti mwezi ukatha atuluke m'nyumbayo. Anapeza kanyumba komwe kale kanali chigayo. Dothi lake linamwa dizilo ndi oyilo wambiri moti galimoto itangonunkhiza pakhomo ikhoza kukafika ku Limbe osathira mafuta.

Mmisiri wawo, Filipo, anakanda pansipo n'kupukusa mutu. "Mayi, tikangothira simenti apa, mafutawa ndi chinyezi zidzakwera, matailosi adzamatuka, inu mudzatsokomola mpaka kale. Tiyambe tayala pepala lakuda la pulasitiki, lochindikala, likwere pang'ono m'makoma. Lisakhale ndi bowo ngakhale la singano. Konkire ibwere pamwamba."

A Joice anagula pepalalo n'kulisunga ngati khanda. Nkhuku ikaliyang'ana kawiri, inkasanduka ndiwo.

Ndiye m'mudzimo munagwa maliro, mvula nayo inatsika m'phiri. A Joice ali m'nyumba ya siwa ndi amayi anzawo, anasuzumira panja. Azibambo anali atakhala mwaufumu pansi pa tenti yakuda yonyezimira, yokhomedwa kunsungwi ndi misomali. Pepala lawo! Amene analipereka ndi mchimwene wawo, a Moses, osafunsa. Pamaliro sukalipa, ndipo chinthu sukaniza. A Joice anangolira, kulira kwake kogwetsa mapeyala m'mitengo, anthu n'kumati, "Koma malemuwa ankakondana nawo."

Pepala linabwerako litasanduka sefa.

"Achimwene, n'chiyani ichi?"

"Aaa, achemwali, si maliro kodi?" anatero a Moses. "Komanso chinthu choti mukachikwirira pansi, mabowowo adzawaona ndani?"

"Adzawaona ndi mapapo angawa! Munagonamo inu m'madzi zaka zonsezi? Misomali! Chingwe chinakusowani dziko lonse la Mulanje?"

Filipo naye anakana kuliyala. "Ili, mayi, n'chimodzimodzi kuyala ukonde wa udzudzu." Mwezi unali ukutha, ndipo wolowa m'nyumba ya kampani anali atayamba kale kudzayeza mawindo.

M'mawa mwake a Joice anapita kwa a Moses, pepala lamabowo lili m'khwapa, kukamaliza mawu amene anatsala. Atafika kuseri kwa nyumba anaima chilili. Zidina za a Moses, njerwa zodikira kuwotchedwa, zinali zitafunda pepala lakuda latsopano, losalala ngati tsaya la mkwatibwi.

"Achimwene! Lanuli bwanji silinapite kumaliro? Silidziwa kulira?"

"Achemwali, njerwazi zikanyowa..."

"Ine ndikanyowa ndimatani? Ndimaphuka maluwa?"

Anachotsa miyala yotsinjiriza, nakoka pepalalo kamodzi kokha, nalipinda, nalisenza pamutu. Lamabowo lija analiponya pamapazi a mchimwene wawo. "Funditsani ili. Mabowowo adzawaona ndani?"

Amene anawaona pamsewu akuti ankayenda mothamanga moti akabaza ankawapempha kuti awakoke. Filipo anayala pepalalo, nalikweza m'makoma, a Joice ataima pakhomo ndi mtengo kuti aliyense wolowa avule nsapato. Pamene a Moses ankafika ali wefuwefu, konkire inali itathiridwa kale.

"Ndibwezereni pepala langa!"

"Lili pansipo. Kumbani."

Masana omwewo mvula inabwera yokwiya ngati mwini nkhaniyi. Njerwa za a Moses zinasanduka phala, ndipo zina akuti zinakafika ku Mozambique popanda pasipoti.

Lero a Joice amagona pouma. Thumba la mchere limakhala pansi osalira misozi, chifuwa chija chinachepa mpaka kwaya yawabwezera pamzere wakutsogolo. A Moses anaumbanso njerwa zina, ndipo akakumana ndi mlongo wawo amapereka moni akuyang'ana phiri. Mukaganiza kuti mkwiyo unatha, kachezeni kwa a Joice mukangotchule mawu oti msomali. Koma mukhale pafupi ndi chitseko.