Mimba ya Nkhokwe pa Khoma la Tiyirumu

Burashi ya amalume ndidakali nayo, ubweya wake unauma gwa ndi penti yofiira. Ndi imene ankajambulira zikwangwani pa Mitundu: mitu pakhomo la ometa, nkhuku pa malesitilanti.

Chaka cha njala chija, ndili sitandade 4, anajambula china pakhoma la tiyirumu ya mayi. Chinali chithunzi cha munthu wa suti, mimba yake ili nkhokwe yokhoma ndi loko. Makutu analibe. Manja anali aatali ofika pansi, nsapato zonyezimira zitaponda thumba la feteleza. Ine ndinawagwirira chitini, fungo la palafini likundiwawa m'mphuno. Anthu obwera kumsika ankaseka mpaka misozi, ena atayang'ana kaye uku ndi uku.

Patapita masiku atatu kunabwera galimoto ya anyamata a chipani. Anati chithunzicho chikunyoza bwana wamkulu.

"Dzina ndalemba pati?" anafunsa amalume. "Mwawazindikira ndinu."

Anawawomba khofi, n'kunena kuti akapanda kufufuta, tiyirumu ipsa. Tiyirumuyo ndi imene inkatidyetsa. Amalume anasungunula laimu m'ndowa n'kupaka khoma lonse, anyamatawo akuyang'anira. Ndinalira ndi ukali, ndinawanena amalume kuti ndi amantha. Mpaka lero mawu amenewo amandichititsa manyazi.

"Dikira mvula, mphwanga," anatero akutsuka m'manja.

Wopenta aliyense amadziwa kuti laimu sagwira pa penti ya mafuta. Anyamata aja, ndi ukali wawo wonse, sankadziwa. Mvula yoyamba itagwa, madzi oyera ngati mkaka anayenderera kutsika khoma. Inayamba kutuluka ndi mimba, kenako loko, kenako mutu wopanda makutu uja. Msika wonse unaima pamvula kuonerera.

Galimoto itabweranso, mayi anaima pakhomo atagwira m'chiuno, mawu ali nganganga.

"Munayang'anira nokha akupaka. Kamangeni mvula."

Moto sanayatse, maso anali ambiri. Anangopala khomalo ndi zikwanje mpaka njerwa kuonekera. Amalume sanawapeze. Mitambo itangoyamba kuda m'mawa wa tsiku la mvula lija, anali atapalasa njinga kupita kwa anzawo ku Nathenje, ndipo sanadzakhalenso pa Mitundu.

Dzinja lonselo ndinkawadikira pamsewu, burashi ili m'thumba la yunifolomu. Ndinkafuna kuwauza kuti apambana. Sindinkamvetsa chifukwa chake wopambana ndiye anathawa, kapena chimene amuna odzaza galimoto ankaopa pa munthu wojambulidwa ndi penti wopanda dzina.