Jekete Lobwereka la Bambo

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, amajambula zithunzi za maukwati. Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Tonse timawatchula a Tasunthani, chifukwa mawu amenewa sachoka pakamwa pawo: "Tasunthani pang'ono. Ayi, mwasunthitsa, bwererani." Ngakhale kunyumba, mukakhala pampando mokhota pang'ono, amabwera kudzakuwongolani phewa.

Anayamba ndi kakamera kotheratheratu, akujambula zithunzi za ziphaso pakhonde la sitolo. Lero ali ndi kachipinda kawo kumapeto kwa msewu wathu, muli kompyuta imodzi, mpando wothyoka mkono ndi makoma odzaza akwati. M'chikwama cha kamera amasungamo chidutswa cha thabwa choimikapo amuna aafupi, ndipo sanaululepo ngakhale mmodzi mwa amene anakwerapo. Ndinawanyengerera kangapo kuti anditchulireko awiri okha, koma anthuwa ndi ouma pakamwa.

Akwati samawajambulira m'chipinda. Amawatengera pamlatho, pamasitepe a nyumba zakale, kulikonse kumene dzuwa la folo koloko limagwa bwino. Ndipo sauza munthu kuti amwetulire. "Ukamuuza munthu kuti seka," amatero, "amakuyasamulira ngati wabwera kudzachotsa dzino." Iwo amaimika awiriwo mapewa atagundana, n'kufunsa mwamuna kuti, "Tsiku loyamba kuonana, akaziwa anavala chiyani?" Mwamuna amakanda m'mutu n'kutchula diresi lofiira. Mkazi amatembenuka, maso ali psuu: "Lofiira? Ameneyo anali ndani?" Onse amafa nacho chiseko, ndipo kamera imalira pomwepo. Pa zaka makumi awiri alamu sanapezepo mwamuna wokhoza funsoli.

Chaka chatha ntchito inawapeza m'banja momwe. Makolo athu ankakwanitsa zaka makumi anayi ali limodzi, koma analibe chithunzi cha ukwati, poti wojambula wa nthawi imeneyo anabwera patatha sabata kudzapepesa kuti filimu inapsa. Zithunzi zina zonse Bambo anaima njo ngati msilikali, milomo atatseka, manja m'mbali. Chaka chomwecho dokotala anauza Mayi kuti maso awo akutha, ndipo pakatha chaka mwina azingoona mithunzi. Nkhaniyi inatipweteka tonse, koma Mayi sanalire. Anaitana alamu.

"Apongozi," anatero Mayi, "ndikufuna chithunzi chimodzi basi, bambo anuwa akuseka. Ndichione maso asanandithawe."

Tinapita Loweruka ku siteshoni yakale ya sitima, kumene awiriwo anakumanirana koyamba. Achemwali ananyamula chinsalu chowalitsira nkhope, ine ndinanyamula chikwama cha Mayi. Alamu anawakhazika pabenchi, anasuntha Mayi, anasuntha Bambo, anasunthanso Mayi. Bambo anali gwa, akuyang'ana kutsogolo ngati akudikira chigamulo. Ndinaona thukuta pamphumi pa alamu. Mpongozi sungamugwire chibwano n'kumutembenuza ngati mnyamata wa dzulo.

Ndiye anatulutsa chida chawo chija. "Bambo, pepani ndifunseko. Tsiku lija pano, Mayi anavala chiyani?"

Bambo sanakande n'komwe m'mutu. "Siketi yobiriwira ya mizere yoyera. Bulauzi yachikasu, batani lachiwiri linali losiyana ndi anzake. Nsapato yakumanzere lamba atamanga ndi waya."

Mayi anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe, ufa wonse umene achemwali anawapaka ukutsika m'masaya. Funso limene linaseketsa tauni yonse linali litaliza Mayi, ndipo Bambo nkhope inali ikadali yomweyo. Dzuwa nalo linali likutsikira kuseri kwa denga. Alamu anatsitsa kamera, anandiyang'ana ngati ndine ndinawalakwira, kenaka anachita chimene sanachitepo: anafunsa mkazi.

"Nanga Mayi, Bambo anavala chiyani?"

"Iii, limenelo ndingaiwale?" anatero Mayi akupukuta maso. "Jekete lakhofi, la mabatani onyezimira. Nditaliona ndinati mumtima, mnyamata uyu ndi wodzisamala, m'nyumba mwake simungagone njala. Ndinalola chifukwa cha jekete limenelo."

Mapewa a Bambo anayamba kugwedera. Tinkaganiza kuti akutsokomola.

"Linali la achimwene," anatero Bambo. "Ndinabwereka. Anandipatsa maola awiri okha, n'chifukwa chake ndinakufunsirani mothamanga."

"Aa! Paja munati linabedwa!"

"Mwini wake ndiye analiba."

Apo Bambo anaphulika. Anaseka mpaka mutu kugwera kumbuyo, dzanja likumenya bondo, Mayi akuwakwapula paphewa ndi kampango kopukutira misozi kaja: "Zaka fote, wakuba iwe! Ndinakwatiwa ndi jekete la eni ake!" Ine chibadwire ndinali ndisanaonepo mano a Bambo a m'mbali. Kamera inkangolira, ndipo kwa nthawi yoyamba alamu sanauze munthu aliyense kuti asunthe.

Lolemba ndinawapeza pakompyuta, chithunzi atachikulitsa. Anachotsa chinkhokwe cha zinyalala chimene chinali kumbuyo kwa benchi, anawalitsa nkhope pang'ono, kenaka anaima pa mizere ya misozi m'masaya a Mayi. Akwati achitsikana amawasalaza khungu mpaka amayi awo owabala osawazindikira. Apa anayang'ana nthawi yaitali, n'kuchotsa dzanja. Chimene anachita n'kuwonjezera kuwala ndi kudetsa mithunzi kuposa mmene amachitira, kuti diso lofooka ligwire msanga, ndipo anachisindikiza chachikulu ngati chitseko cha kabati.

Tinachipachika pabalaza moyang'anana ndi zenera. Mayi anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Anayang'ana kuchokera pachipumi kutsika pang'onopang'ono, osathamanga, ngati akuloweza. Bambo anali pampando wawo, atabisala kuseri kwa nyuzipepala.

"Kani mano onsewa munali nawo?" anatero Mayi.

Pano maso aja anachita mdima ndithu. Komabe alendo akabwera, Mayi amadzuka okha, amayenda masitepe asanu, n'kuika chala pagalasi, ndendende pakamwa pa Bambo. Pamalo pamenepo galasi limakhala ndi zidindo za zala, ndipo Bambo anatiletsa kupukutapo.